Mzere wa Madzi ndi Msana wa Amayi

Kuseri kwa nyumba ya amayi, kwathu kwa Tengani, khoma lili ndi mzere wa matope umene madzi osefukira anasiya. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, anamanga ndi bambo asanamwalire, ndiye madziwo analephera kuigwetsa, anangoilemba chizindikiro. Amayi ankakana kwamtuwagalu kuti tipake laimu pamzerepo. Mlendo aliyense wobwera ndi nkhani yoti anthu a m'mbali mwa Shire asamukire kumtunda, kaya wa boma kaya wa kutchalitchi, ankamutengera kuseriko. Ankaima chilili motsamira khoma, zidendene zitagunda njerwa, n'kuika chala pachifuwa.

"Anafika pano," ankatero. "Ine ndinatuluka ndekha, thumba la mapira lili pamutu, ndipo silinanyowe. Tsono wosamuka asamuke. Ine nkhabe, sindichoka."

Ana awo okhala pafupi tinali awiri: ine, amene ndimasoka zovala pa Nchalo, ndi mlongo wanga wamkulu, mwamuna wokhala ku Bangula. Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuda tinkayambitsa nkhani yosamuka, ndipo chaka chilichonse tinkagonja. Dimba lawo linali pafupi, manda a bambo ali chapomwepo, ndipo amayi analumbira kuti m'nyumba imeneyo adzatulukamo atanyamulidwa basi. Mfundo yawo inali imodzi yokha, thupi lawo. Munthu woti angathe kuoloka madzi ndi katundu pamutu, ankatero, alibe chifukwa chothawira madzi. Thupilo tinkaliona ndi maso athu.

Amayi anali aatali, owonda, olimba ngati mtengo wa tsanya. Panalibe pogwira mnofu. Ankachoka kudimba ndi dengu la mbatata loti anthu awiri ankachita kuthandizana powasenzetsa, koma iwo n'kumayenda nalo akucheza ndi aliyense wokumana naye. Kadyedwe kawo n'kamene kankatichititsa manyazi ife ana awo. Ankanyema kawiri katatu, n'kusamba m'manja, n'kukankhira mbale kwa ana. Nsomba ikapezeka, mnofu unali wa bambo, mutu wa ana, iwo msuzi. Chaka cha njala, pamene tinkadya nyika, timizu takuda tija timakumba m'dambo, ndinkawaona akumanga chitenje chachiwiri pamimba mothina, ati njala imaopa lamba. Njala inatha koma chizolowezicho sichinathe. Ife titakula mbale inayamba kupita kwa zidzukulu, zidzukulu zikasowa inkapita kwa ana a nyumba yoyandikana. Mudzi wonse unkawatama kuti ameneyo ndiye mkazi, sadya koma amalima ngati amuna awiri.

Mng'ono wawo, amene ife timati mayi aang'ono, anatengera kwina. Iwo amagulitsa nsomba zouma pamsika wa pamsewu, kumtunda, ndipo ndi munthu woti akafika pokwerera njinga, anyamata a kabaza amayamba kuyang'ana matayala awo. Kudya amakukonda ndipo sabisa. Awiriwa akakumana zinali zonyogodolana zokhazokha.

"Iwe, mafutawa adzakutseka mtima tsiku lina," ankatero amayi.

"Inu akulu, tsiku lina mphepo idzakunyamulani. Tidzachita kukakutsitsani mu mlambe ku Mozambiki."

Ankaseka mpaka misozi. Koma pansi pa nthabwalazo tonse pamtundu tinkadziwa, kapena tinkaganiza kuti tikudziwa, amene adzayambe kugwa. Mayi aang'ono anali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi mawondo olira. Amayi chipatala ankachionera kunja. Ine ndinatengera amayi, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri. Telala amaona matupi ambiri. Ndinkazunguliza tepi m'ziuno za azimayi anzanga n'kumawamvera chisoni chamumtima, ndikudziuza kuti ine ndine wa mtundu wa tsanya.

Yunifolomu ya amayi ya chigwirizano cha kutchalitchi ndinkasoka ndine. Muyeso wawo ndinkaudziwa pamtima, sindinkafunanso tepi. Ndiye nthawi ina ndinawatengera siketi yatsopano, atavala inkakolopa pansi.

"Ukusokera ndani iyi? Wayamba kuiwala mayi ako kutauniko?"

Ndinakwiya, chifukwa ine pa ntchito yanga sindifuna kunyozedwa. Ndinati mwina nsaluyo ndi yotamuka. Ndinaipinda m'munsi, nkhani n'kutha. Patapita nthawi, bulauzi nayonso inayamba makani: kutsogolo inkalendewera, kumbuyo inkakwera. Ndinaimba mlandu nsalu za masiku ano. Amayi ankadandaula msana apo ndi apo, koma kwathu mkazi wosadandaula msana ndi amene sanagwirepo khasu, ndiye palibe anatchera khutu.

Msanawo unali ndi mankhwala ake. Amayi ndi mng'ono wawo anali ndi chizolowezi chimene anachiyamba ali atsikana, akamachokera kotola thonje: kupondana msana. Wina amagona chafufumimba pamkeka, mnzake n'kumamuponda pang'onopang'ono kuyambira m'chiuno kukwera mpaka pakati pa mapewa, kufikira msana utalira. Ambiri kwathu amatero, ena amatuma ana. Amayi ankati ana amangokusisita, phazi lenileni ndi la mng'ono wawo. Mayi aang'ono, podziwa thupi lawo, sankakwera ndi mapazi onse. Ankatsamira munsi ndi manja awiri, phazi limodzi lili pansi, linalo pamsana, ndipo kulemera koyenera ankakudziwa monga momwe ine ndimadziwira khosi la bulauzi.

Tsikulo linali la m'nyengo yokumba mbatata. Ndinali nditapita kukathandiza, mayi aang'ono nawonso anabwera kudzatenga gawo lawo. Masana, dzuwa la kuchigwa likuotcha ngati lakwiyira munthu, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu. Ine ndinkasankha mbatata zobooka.

"Iwe, bwera undiponde," anatero amayi akuyala mkeka. "Msanawu wandikana lero."

Mayi aang'ono anatenga munsi, anapukuta phazi pachitenje, n'kuyamba. M'chiuno phazi linayenda bwino. Litafika pakati pa msana ndinamva phokoso. Silinali lija la masiku onse. Linali laling'ono, louma, ngati munthu waponda phesi la mapira, ndipo linalira kawiri.

Amayi sanakuwe, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. Anangoyasamula pamkekapo, mpweya osalowa, zala zikukanda dothi. Mayi aang'ono anali atachotsa kale phazi, ataima ndi munsi m'manja, maso ali tong'o.

"Akulu? Ndi ninji, chachitika n'chiyani? Akulu, sindinatsindike ayi."

"Usandikhudze," anatero amayi ndi mawu a pansipansi.

Munthu amene anaoloka madzi osefukira ndi thumba pamutu anali gone patsogolo panga, akulephera kutembenuka, chifukwa cha phazi limodzi limene lakhala likuwaponda moyo wawo wonse. Tinazula chitseko cha kukhitchini, tinawagoneka pamenepo, anthu oyandikana nawo anamanga ng'ombe pangolo. Panjira yopita kumsewu, dzenje lililonse limene tayala linkagundamo linkaoneka pankhope pawo.

Mlongo wanga anatipeza kuchipatala cha kuboma tsiku lomwelo. Iye ndi munthu woti akachita mantha amafuna wina womukalipira. Atamva mmene zinachitikira anapita molunjika kwa mayi aang'ono, pabwalo pomwe panali anthu.

"Munthu wa thupi ngati lanulo n'kumaponda nkhalamba? Mumafuna chiyani kwenikweni? Mafuta onsewa mwawatsitsira pa amayi anga?"

Mayi aang'ono, amene pamsika palibe amawaposa pakamwa, anangotembenuka n'kuchokapo. Kumudzi nkhani inali itafika kale ndipo inali itamera nthambi. Ena ankati wonenepayo ankasirira dimba la mkulu wake. Ena ankati mwa anthu onenepa chonchija mumakhala zina. Pofika mawa lake mayi aang'ono anali atakhala pakona ya khitchini ya odikirira odwala, osadya. Ndinawapatsa phala, anakana. Ndinawagulira zitumbuwa, anangoziyang'ana. Chibadwire sindinaonepo mayi aang'ono akukana chakudya.

"Ndikanakhala wowonda ngati iwe, mwanawe, sizikanachitika," anandiuza.

Ndinawatsutsa ndi pakamwa. Ndinaliona phazi lija, sanatsindike. Koma mutu wanga unkazungulira pa funso lomwelo: ngati si kulemera kwawo, n'chiyani china chikanathyola amayi?

Patapita masiku awiri dokotala anatiitana pabedi la amayi. Anali mayi wachichepere wovala magalasi, wolankhula modekha. Anakweza chithunzi cha ekisire pawindo kuti kuwala kudutsemo.

"Awa ndi mafupa a msana. Amasanjikizana ngati njerwa. Labwinobwino limaoneka chonchi, la makona anayi. Tsono onani ili, ndi ili, ndi ili."

Anali ophwanyika kutsogolo, opyapyala mbali imodzi ngati mutu wa nkhwangwa.

"Lathyoka dzana ndi ili lokha, pamodzi ndi nthiti. Enawa anaphwanyika kalekale, n'kupola okha ali chiphwanyikire."

"Kalekale bwanji?" anafunsa mlongo wanga. "Amayi sanagwepo."

"Safunika kugwa. Fupa likafika pamenepa, kutula dengu kokha kapena kutsokomola kwambiri kumakwanira. Kodi amayiwa simunaone kuti afupika?"

Siketi ija inandibwerera m'maso. Ndinaona manja anga akupinda nsalu m'munsi, ndikunyinyirika kuti nsalu za masiku ano n'zachabe. Nsaluyo sinatamuke. Amayi anga ankatsika pang'onopang'ono, fupa ndi fupa, akusenzabe madengu, ife tikuwatama.

Dokotala anapempha mlongo wanga kuti atuluke kaye, kenako anafunsa amayi kuti anasiya liti kusamba. Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma. Zimenezo sizinenedwa mwana wako ali pomwepo, ngakhale mwanayo ali ndi imvi. Ndinati pali munthu mmodzi amene akudziwa, ndipo ndinakawatenga mayi aang'ono. Analowa mwamantha, n'kuima kumapazi kwa bedi ngati wolakwa pabwalo la milandu.

"Anasiya msanga," anatero. "Chaka cha njala chija zinayamba kudumphadumpha, kenako basi. Anali akadali mayi wa mphamvu zake. Ine ndinapitirira zaka zambiri pambuyo pawo, mpaka ankandiseka."

Dokotala anagwedeza mutu ngati wamva zimene amayembekezera. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kufotokoza.

"Fupa si mwala, ndi lamoyo. Tsiku ndi tsiku thupi limagumulako pang'ono n'kumanganso pang'ono. Mkazi akamasamba, m'thupi mwake mumakhala timadzi, timati mahomoni, timene timaletsa kugumula kuti kusapose kumanga. Akasiya kusamba, kasupe wamkulu wa timadzito amauma. Timadzi tochepa timene timatsala timapangidwa m'mafuta a m'thupi."

"M'mafuta?" anafunsa mayi aang'ono.

"M'mafuta. Mafuta si katundu wongolemera. Amagwira ntchito. Amatulutsanso mahomoni awoawo amene amayenda m'magazi mpaka kukafika ku mafupa."

Anatchula mayina awiri, leputini ndi adiponekitini, ndipo ndinachita kumupempha kuti abwereze kuti lilime langa liwagwire. Yoyambayo, anati, imachuluka mafuta akachuluka, ndipo imauza ubongo kuti m'thupi muli chakudya chokwanira. Ikachepa kwambiri thupi limaona ngati kunja kuli njala, ndiye limayamba kutseka ntchito zina zimene likuona kuti zingadikire, monga kusamba ndi kumanga mafupa. Yachiwiriyo ndi yosokoneza: ngakhale imachokera m'mafuta, imachuluka mwa anthu owonda, ndipo kawirikawiri azimayi amene ali nayo yambiri mafupa awo amapezeka opepuka. Anavomera kuti ngakhale ophunzira sanamvane bwinobwino mmene zonsezi zimayendera. Anawonjezera kuti kulemera kwa thupi pakokha kumalimbitsa mafupa amene amalinyamula, ndiponso fupa limafuna chakudya chake, chimene munthu wongomwa msuzi sachipeza.

Ndinkamvetsera pakamwa pali yasa. Chilichonse chimene tinkawatama nacho amayi, dokotala ankachitchula ngati mbali ya matenda. Kusadya kuja, chitenje chothina chija, kupanda mnofu kuja. Njala inatha kunja zaka zambiri zapitazo, koma thupi la amayi palibe analiuza.

"Ndiye mukuti mafuta angawa ndi mankhwala?" anafunsa mayi aang'ono. Kanali koyamba kumva mawu awo enieni chichokereni pansi pa nimu paja.

"Ayi, mayi, musakauze anthu kuti ndatero. Mafuta ochuluka a pamimba, makamaka pamodzi ndi shuga, nawonso amawononga fupa mwa njira yake. Likhoza kuoneka lodzaza koma losalimba. Inunso muli ndi nkhondo yanu. Kuwonda kwambiri n'koopsa, kunenepa kwambiri n'koopsanso. Koma akulu anuwa simunawathyole ndinu. Munangoponda pamene chiswe chinadya kale. Zikanachitikabe, mwina kudimba ali okhaokha."

Mayi aang'ono anakhala pansi pasimenti pomwepo, anafunditsa nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira, thupi lonse likugwedezeka. Amayi, nkhope ili kukhoma, anati, "Tamuuzani uyo asiye phokoso, muno muli odwala."

Ine ndinali kuyang'ana dzanja langa. Ndinazunguliza chala chachikulu ndi chapakati pamkono, zinakumana n'kutsalanso malo. Mkono umenewu ndi wa amayi, ndipo nanenso masiku anga anali atayamba kudumphadumpha. Ndinkanyadira kuti ndimatha kusoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi tiyi yekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, koma uyu sanali mnzanga, anali mayi wondibereka, ndipo thupi limene linathyoka pamkeka paja ndi lomwe ndavala ine. Ndinachita mantha enieni, a ine mwini, ndipo ndinachita nawo manyazi chifukwa wodwala sindinali ine.

Panja ndinamufotokozera mlongo wanga zonse. Anamvetsera, n'kunena kuti, "Komabe anaponda."

Apa ndiye ndinaphulika. "Achimwene, mbale ija amayi ankakankha inkafikira ndani? Mitu ya nsomba ija ankadya ndani? Inu ndi ine. Zidzukulu zimene zikudya gawo lawo lero ndi ana a ndani? Ngati mukufuna wopondereza amayi, tiyambire pamenepo. Mayi aang'ono ndi okhawo pamtundu pano amene ankawauza kuti adye."

Anthu anatembenuka kutiyang'ana, koma ine ndikayamba sindiona anthu. Madzulo ake ndinamuona mlongo wanga akupita kukhitchini kuja ndi nkhuku yamoyo kukhwapa. Anaiika pamapazi pa mayi aang'ono, anagwada pang'ono, n'kuchoka. Kwa iye kumeneko ndiye kupepesa, ndipo mayi aang'ono anamva. Nkhukuyo anaipha okha.

Amayi ndiwo sanamve kanthu. Dokotala anawapatsa mankhwala, anawauza kuti azidya mokwanira, matemba ndi minga yake yomwe, masamba, mtedza, mkaka ukapezeka, ndiponso aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Zoletsedwa zinali zitatu: kusenza pamutu, kuwerama ndi khasu, ndi kupondedwa msana. Amayi ankavomera ndi mutu dokotala ali pomwepo. Akangotuluka ankati, "Mwana uja waphunzira, koma sanasenzepo dengu. Ndikadzuka pano ndikupita kwanga."

Anakhala nthawi m'chipatala, ine n'kumapita ku Nchalo n'kumabwerera. Kushopu maso anga anali atasintha. Mayi wachikulire akabwera kudzapinditsa siketi imene ankavala bwinobwino kale, ndinkasiya lumo n'kumuyang'ana msana. Ena ndinkawauza, ena ankandiseka kuti telala wasanduka namwino. Wina anandiyankha kuti kufupika ndi ukalamba basi, agogo ake nawonso anafa atapindika. Ndinakwiya tsiku lonse, chifukwa nanenso ndinkadziwa choncho moyo wanga wonse, ndipo palibe anandiuzapo kuti kupindikako ndi mafupa othyoka.

Tsiku lowatulutsa tinawapempha kuti akayambe akhala kwa mayi aang'ono kumtunda. Anakana. Tinapita nawo kwawo. Inali nyengo ija kutentha kumafika pachimake, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri. Amayi anali akuyenda, koma ndi ndodo, mutu uli patsogolo, masitepe ang'onoang'ono. Titawakhazika pakhonde, mlongo wanga anayambitsa nkhani ya chaka chilichonse, koma ulendo uno modzichepetsa.

"Amayi, mvula yayandikira. Madzi akabwera muli nokha kuno, mutani?"

"Nditani? Ndichita zimene ndinachita."

"Nthawi ija munali ndi mphamvu."

"Ndigwire dzanja, iwe," anandiuza ine. "Ameneyu waiwala. Tiyeni ndikuonetseni."

Tinazungulira kuseri tonse anayi, mayi aang'ono ali pambuyo akupuma mwamphamvu. Apa m'pamene ndinazindikira kuti panali patapita zaka amayi asanaime pakhomapo. Masiku omalizawa ankangoloza ali pakhonde, ndipo ngakhale kale, ife tinkayang'ana chala chawo pachifuwa, osati khoma.

Anandipatsa ndodo. Anabwerera chambuyo mpaka zidendene zinagunda njerwa. Anayesa kuwongoka, msana unakana, mutu sunafike kukhoma. Anaika chala pachifuwa monga mwa nthawi zonse.

"Anafika pano."

Amayi anaona nkhope zathu, ndiye anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuti ayang'ane khoma pambali pawo. Pamene panali chala chawo njerwa zinali zakuda, zonyowetsedwa kale, ndipo kudako kunkapitirira kukwera. Anatambasula dzanja, n'kumapapasa chokwera mpaka anaupeza mzere uja. Unali pachibwano pawo.

Ndinagwira pakamwa. Ndinkadziwa kuti afupika, ndinaona chithunzi, ndinapinda siketi ndi manja anga, koma kuona madzi aja ali pachibwano pa amayi chinali china. Mlongo wanga anayang'ana kumbali. Amayi anasiya dzanja pamzerepo nthawi yaitali. Anayang'ana njira ya kudimba, kenako kumitengo kumene kuli manda a bambo.

"Madzi omwewa," anatero, osauza aliyense. "Osawonjezera ngakhale pang'ono."

Anatenga ndodo yawo m'manja mwanga. Ndinkayembekeza kuti anena kuti khoma lakwera, kapena kuti nthaka yakokoloka, chifukwa amayi sanagonjepo pa mkangano. Koma anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Iwe. Chipinda chija umasungamo nsomba, chikununkhabe?"

"Chikununkha, akulu."

"Ukachikolope kawiri. Ndipo usamandiyang'ane pakamwa ndikamadya."

"Ndizikuyang'anani," anatero mayi aang'ono akupukuta maso. "Mbale mukakankha, ine ndizibweza."

Tinasamutsa katundu sabata yomweyo, mvula isanagwe. Sanali wambiri: mkeka, mapoto, mtondo ndi munsi uja, yunifolomu ya chigwirizano, nkhuku m'dengu. Nkhata yawo yosenzera anaitenga, anaiyang'ana, n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Dimba anapatsa mkazi wa mlongo wanga, ndi malangizo ochuluka kuposa dimbalo. Kumanda anapita okha ndi ndodo, ndipo sitinawafunse zimene anakanena.

Ngolo itafika panalibe pokhala pofewa. Mlongo wanga anagoneka thumba la mapira pakati, anayalapo chitenje, kenako anawanyamula amayi m'manja ngati mwana n'kuwakhazika pamenepo. Anatuluka atanyamulidwa, monga analumbirira, koma ali moyo ndiponso akukalipira woyendetsa ng'ombe kuti azipewa maenje. Ine ndinayenda pambuyo pa ngolo mpaka kumsewu, maso ali pa iwo. Chibadwire changa, kanali koyamba kuona thumba la mapira lili pansi pa amayi.